Dzuwa, mchere wa m'nyanja ndi matope akuda a pansi pa Mediterranean

Mukatunga kilo imodzi ya madzi a m'nyanja zikuluzikulu zija, zamchere, nkuwaphwetsa onse, pansi pamatsala mchere pafupifupi magalamu 35. Koma 35 ameneyo ndi wapakatikati chabe. Ku Red Sea amafika 40, kummawa kwa Mediterranean 39, pakati pa Atlantic chakumpoto kwa ikweta 37, pomwe ku Baltic, nyanja ija yazunguliridwa ndi Sweden, Finland, Poland ndi anzawo, malo ambiri safika ndi 10 omwe. Nyanja zonsezi nzolumikizana, madzi amayenda kuchoka uku kupita uko, nde bwanji mchere wake sufanana? Wochititsa wamkulu ndi dzuwa. Silithira mchere ayi ndipo silichotsa, mcherewo unachokera ku miyala yosungunuka pang'onopang'ono ndi ku mapiri ophulika kwa zaka mamiliyoni osawerengeka. Chimene dzuwa limachita nkunyamula madzi okhaokha kusiya mchere pomwepo, kenako mphepo nkukawataya kwina ngati mvula. Chaka chilichonse pamwamba pa nyanja pamachoka madzi opitirira mita imodzi kuya kwake kupita kumwamba ngati nthunzi. Komwe achoka kumawawa mchere, komwe agwera kumasukuluka. Atlantic imaposa Pacific mchere pa chifukwa chomwechi, mphepo imatenga nthunzi ya Atlantic nkuiolotsa pa kamtunda kopyapyala ka Panama kukaikhuthula mbali inayo.

Mwina wina anena kuti nanga ife zikutikhudza bwanji, mchere uchuluke uchepe nsomba zake ndi zomwezo. Nkhani ili pa kulemera. Madzi amchere wambiri komanso ozizira amalemera, amamira. Madzi opanda mchere ndi opepuka, amayandama pamwamba. Kumpoto kwa Atlantic, cha ku Greenland ndi Norway, madzi ofunda amchere ochokera kummwera akafika amazizira nkumira pansi penipeni, ndipo kumira kumeneko ndi kumene kumakoka ena ofunda kuti abwere, kumatengeranso mpweya wa okosijeni pansi pa nyanja kuti tamoyo takumeneko tipume. Ulendo wonse wa madzi amenewa kuzungulira dziko umatenga zaka pafupifupi 1,000. Tsono mukasukulutsa madzi apamwamba aja samiranso, zinthu zimaima.

Ndipo zinaimapodi, osati kamodzi. Umboni umene ine umandigwira mtima kwambiri uli pansi pa Mediterranean.

Mu 1947 ndi 1948 sitima ya ku Sweden yotchedwa Albatross inazungulira nyanja ikubaya pansi ndi chipaipi chachitali nkumazula matope, ndipo kummawa kwa Mediterranean anapeza chinthu chodabwitsa. Chipaipicho akachitsegula mkati mumakhala matope otumbuluka, ofiirira pang'ono, mamita ndi mamita, kenako mwadzidzidzi kamzere kakuda bii, mwina masentimita ochepa mwina kupitirirako, kenako otumbuluka aja ayambiranso, kutsika pansi kena kakuda, choncho choncho. Matope akudawa asayansi amawatcha sapropel. Ndi zotsalira za tamoyo ta m'madzi timene tinafa nkugwera pansi koma osaola bwinobwino, chifukwa pansipo panalibe okosijeni. Mu matope otumbuluka mumaoneka timabowo ta nyongolotsi ndi tizilombo tina timene tinkafukula pansi, mu akuda aja malo ambiri mulibe, timizere take tangogona bwinobwino osasokonezedwa, kusonyeza kuti kunalibe chamoyo chofukula. Pansi pa nyanja panafa kwa zaka masauzande, kenako nkudzatsitsimukanso.

Anapha ndani? Mayi wina wasayansi wa ku France, Martine Rossignol-Strick, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 ndi amene analoza chala ku Africa. Anati muyang'ane mtsinje wa Nile. Masiku ano kummawa kwa Mediterranean kumatuluka nthunzi yambiri kuposa madzi amene amalowa, nde madzi ake ndi amchere, ikafika nyengo yozizira ku Adriatic ndi ku Aegean, zigawo za kumpoto za nyanja yomweyi, amalemera nkumira, pansi nkulandira okosijeni. Koma panali nthawi zina pamene mvula ya ku mapiri a Ethiopia inkagwa yoopsa, Blue Nile yochokera ku nyanja ya Tana nkudzaza, komanso mitsinje ina imene lero kulibe inkadutsa mu Libya nkukathira m'nyanja momwemo. Madzi opanda mchere onsewo anayala pamwamba, opepuka, osamira. Pansi mpweya unatha. Pamwamba tamoyo tinachulukana chifukwa cha chakudya chobwera ndi mitsinje, tikafa nkumagwera mu mdima wopanda mpweya uja. Kamzere kakuda komaliza kanapangika pafupifupi zaka 10,000 mpaka 6,000 zapitazo.

Nde mukawerenga mipata ya pakati pa timizere takudati mumapeza kuti timabwerabwera pafupifupi zaka 21,000 zilizonse. Si mwangozi ayi. Ku Sicily kuli zitunda za m'mbali mwa nyanja zimene kale zinali pansi pa madzi, mizere yake imaoneka ndi maso uli chapatali, yoyera yotuwa yoyera yotuwa, ndipo Frederik Hilgen wa ku yunivesite ya Utrecht ku Netherlands anaiwerenga nkuigwirizanitsa ndi masamu a kayendedwe ka dziko mpaka inasanduka kalendala yoyezera zaka mamiliyoni.

Zaka 21,000 zimenezi zikuchokera kuti? Apa mpamene pamafunika kudekha, chifukwa anthu ambiri akamva kuti dzuwa linasintha nyengo amaganiza kuti dzuwalo linkayaka kwambiri kenako nkuzilala. Ayi. Chinkasintha ndi mmene dziko lathuli lakhalira poyang'anana ndi dzuwa. Dziko ndi lopendekeka, pano ndi madigiri 23.4, ndipo kupendekekako kumasintha pakati pa 22.1 ndi 24.5 pa zaka 41,000 zilizonse. Njira imene limadutsa pozungulira dzuwa si yozungulira ndendende, ndi yotambasuka pang'ono, ndipo kutambasukako kumakula nkuchepa pa zaka pafupifupi 100,000. Chachitatu nchimene chili ndi ntchito pa matope athu aja. Amene munakwapulapo nguli muli ana mukukumbuka mmene imachitira ikayamba kutopa, ikuzungulirabe koma mutu wake ukupukusa pang'onopang'ono kujambula kabwalo m'mwamba. Dziko limateronso, ndipo zotsatira zake nzakuti mwezi umene timayandikira kwambiri dzuwa umasuntha, nkudzabwerera pomwe unali patapita zaka pafupifupi 21,000 zija. Panopa timayandikira kumayambiriro kwa Januwale, makilomita pafupifupi 147 miliyoni, nkutalikira mu Julaye, 152 miliyoni. Zaka 11,000 zapitazo zinali mosemphana, dziko linkayandikira dzuwa nthawi imene kumpoto kuli chilimwe chawo, nde kumpoto kwa Africa kunkalandira kuwala kopitirira kwa lero ndi maperesenti 7 kapena 8 m'miyezi imeneyo. Pa chaka chonse kuwala kwa dziko lonse kunali pafupifupi chimodzimodzi, kunangosintha kuti kukugwera kuti, mwezi uti.

Koma kasinthidwe kameneko kanakwanira. Mtunda ukatentha kwambiri kuposa nyanja mpweya umakwera, mphepo yachinyezi yochokera ku Atlantic nkuthamangira kumtunda, mvula nkulowa mkati mpaka komwe lero kuli mchenga wokhawokha. Sahara inali ya msipu, abale. Nyanja ya Chad, imene pano yangotsala kachidutswa, inakula kufika ma sikweya kilomita pafupifupi 350,000, kuposa nyanja yathu ya Malawi kakhumi nkupitirira. Ku Dabous m'dziko la Niger kuli zithunzi za akadyansonga zogobedwa pa thanthwe, zazikulu ngati nyama yeniyeniyo, ku Tassili n'Ajjer ku Algeria anajambula ng'ombe ndi abusa ake, ndipo mafupa a mvuu ndi ng'ona amapezeka pakati pa chipululu. Anthu amene ankaweta ng'ombe pa msipu umenewo sankadziwa kuti mvula yomweyo ikupha pansi pa nyanja kumpoto kwawo. Cha m'ma zaka 5,500 zapitazo mvula inabwerera kummwera, mchenga nkutenga malo.

Anthu amene anayamba kuganiza zimenezi nkhani zawo zimandisangalatsa. James Croll wa ku Scotland sanapite patali ndi sukulu, anagwirapo ntchito zosiyanasiyana mpaka anapeza ya kusamalira nyumba pa koleji ina ku Glasgow, ndipo poti munali laibulale ankangowerenga, mu 1864 nkulemba kuti kayendedwe ka dziko ndi kamene kamabweretsa nyengo za ayezi, nthawi zimene ayezi ankakuta mbali yaikulu ya kumpoto kwa dziko. Kenako Milutin Milanković wa ku Serbia, injiniya wa zomangamanga za konkire, anagwidwa mu 1914 nkhondo yoyamba itayamba nkusungidwa ku Budapest, komwe anamulola kumagwira ntchito mu laibulale. Masamu onse ankachita pamanja, kulibe kompyuta, kuwerengera kuwala kwa dzuwa pa malo osiyanasiyana kubwerera mmbuyo zaka masauzande mazanamazana. Mfundo yake inali yoti chofunika si kuzizira kwa nyengo yozizira ayi koma chilimwe chofooka cha kumpoto kwenikweni, chimene chimalephera kusungunula chipale cha chaka chatha, nde chimaunjikana chaka ndi chaka mpaka kukhala phiri la ayezi. Anamwalira mu 1958 asayansi ambiri asakumukhulupirira. Mu 1976 ndi pamene James Hays, John Imbrie ndi Nicholas Shackleton anayeza matope ochokera pansi pa Indian Ocean chakummwera nkupezamo manambala ake aja, 100,000, 41,000 ndi a m'ma 20,000, ali momwemo.

Mwina mukufunsa kuti matope angauze munthu bwanji za mchere wa madzi amene anaphwa kalekale. Muli tizigoba. M'nyanja muli tamoyo ting'onoting'ono totchedwa foraminifera, kukula kwake ngati kambewu kamchenga, timamanga tizigoba ta laimu kuchokera ku madzi amene tikukhalamo. Munthu amasefa matope, nkukhala pa maikulosikopu ndi kaburashi konyowa konga ka ojambula, kumatola kamodzikamodzi, mtundu umodzi wokha, makumi angapo pa sampulo iliyonse, masampulo mazana. Ntchito yotopetsa maso zedi. Mu tizigobato muli okosijeni wa mitundu iwiri, wopepuka ndi wolemerako. Dzuwa likamanyamula nthunzi limatenga kwambiri wopepuka, nde madzi otsala amakhala ndi wolemera wambiri komanso mchere wambiri, ziwirizi zimayendera limodzi. Kutentha kwa madzi nako kumasokoneza muyeso umenewu, tsono amayezanso magineziyamu wa m'chigobamo amene amaonetsa kutentha, akachotsera mbali imeneyo chotsalacho chimawapatsa chithunzi cha mchere. Pali kulakwitsa ndithu, manambala ake sakhala ndendende, koma njira imene zinthu zinkalowera imaoneka.

Pa nyengo ya ayezi yomaliza, itafika pachimake zaka pafupifupi 21,000 zapitazo, madzi ambiri amene dzuwa linanyamula sanabwerere. Anagwa ngati chipale ku Canada ndi kumpoto kwa Europe nkuundana komweko, makilomita awiri atatu kuchindikala. Nyanja zinatsika mamita pafupifupi 120, ndipo poti mchere unatsala, nyanja yonse inawonjezera pafupifupi galamu imodzi pa kilo. Imodzi yokha, ikumveka yochepa. Koma taonani za Red Sea. Nyanja imeneyi khomo lake lachilengedwe ndi limodzi, cha ku Bab el Mandeb pakati pa Yemen ndi Djibouti ndi Eritrea, ndipo malo osaya kwambiri pakhomopo ndi mamita 137 basi. Chotsanipo 120. Kanatsala kangalande kochepa, madzi atsopano ochokera ku Indian Ocean nkumalowa movutikira pomwe dzuwa la m'chipululu likupitiriza ntchito yake, mchere unakwera kupitirira magalamu 50. Foraminifera zoyandama pamwamba zinatheratu m'malo ambiri a nyanjayi, mu matope a nthawi imeneyo a malo amenewo simupezamo tizigoba tawo. Ku Mediterranean moyo unavutika chifukwa mchere wapamwamba unachepa, kuno unavutika chifukwa unachuluka.

Ayezi uja atayamba kusungunuka vuto linatembenuka. Madzi opanda mchere ochuluka anakhuthukira kumpoto kwa Atlantic, ndipo asayansi ambiri amakhulupirira kuti ndi amene anafooketsa kumira kuja zaka 12,900 zapitazo, Europe imene inali itayamba kufunda nkubwereranso mu chisanu kwa zaka zoposa 1,000. Za komwe madziwo anadutsira amatsutsanabe mpaka lero.

Ifenso nkhaniyi inatigunda, ngakhale nyanja yathu si yamchere. Mu 2005 gulu la asayansi, mwa iwo Christopher Scholz, Andrew Cohen ndi Thomas Johnson, anaika makina obowolera pa sitima ya Viphya nkubowola pansi pa nyanja ya Malawi, pamalo pamene madzi ndi akuya pafupifupi mamita 600, nkuzula matope otalika mamita 380. Anapeza kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunagwa zilala zoopsa mobwerezabwereza, nyanja inatsika mamita opitirira 500, madzi ake nkuchepa ndi maperesenti 95, otsalawo nkukhala amchere, mozungulira muli ngati chipululu. Nyanja yomwe ino ya chambo ndi usipa, imene malo ena imafika mamita 700. Iwo anagwirizanitsa zilalazi ndi nthawi imene njira ya dziko inali yotambasuka kwambiri, pamene kupukusa kuja kumakhala ndi mphamvu zedi pa mvula ya kumadera otentha. Ine ndikamaona anthu akukamba za nyanjayi ngati chinthu chimene chinakhala chomwecho chiyambire ndimakumbuka matope amenewa.

Osati zonse ndi dzuwa ayi, tisachite kulinamizira. Zaka 5.96 miliyoni zapitazo Mediterranean inatsekeka kukhomo kwake chifukwa cha kusuntha kwa nthaka cha ku Spain ndi Morocco, nkusiya mchere wochindikala kupitirira kilomita pansi pake, umene sitima ya Glomar Challenger inaubowola mu 1970. Anatseka khomo ndi miyala, dzuwa linangomaliza ntchito, mpaka Atlantic inadzathyola nkudzazanso zaka 5.33 miliyoni zapitazo. Komanso pa nyengo za ayezi zija kayendedwe ka dziko kanali kongoyambitsa. Chimene chinkakulitsa nkhani ndi ayezi amene amabweza kuwala kumwamba, ndi mpweya wa kaboni dayokisaidi umene unkatsika kufika magawo 180 pa miliyoni kukazizira nkukwera kufika 280 kukafunda, ndipo nyanja yakuya yamchere ija ndi imene inkasunga wambiri mwa mpweya wosowawo.

Nanga dzuwa lenilenilo, mphamvu yake simasintha? Imasintha koma pang'ono. Kuyambira 1978 masetilaiti akhala akuyeza, ndipo pa zaka 11 zilizonse imakwera nkutsika ndi gawo limodzi pa 1,000 basi. Pakati pa 1645 ndi 1715 madontho akuda amene amaoneka pa dzuwa anasowa pafupifupi onse, chizindikiro chakuti dzuwalo linafookako, nthawi yomwe ku Europe kunali nyengo zozizira zowawa, ngakhale kuzizirako kunayamba kale ndipo mapiri ophulika anali ndi mbali yawo yaikulu. Mu 2014 Paola Moffa-Sánchez ndi anzake ku Cardiff anayeza tizigoba tochokera pansi pa nyanja kummwera kwa Iceland, ta zaka 1,000 zapitazi, nkupeza kuti nthawi zimene dzuwa linafooka madzi akumeneko ankakhala ozizirako komanso ochepa mchere. Maganizo awo ndi oti kusintha kochepa kwa dzuwa kumasokoneza mphepo za pamwamba pa Atlantic, mphepozo nkusintha kayendedwe ka madzi. Nzomveka, koma ndi nkhani ya dera limodzi, ndipo umboni wake sulimba ngati wa matope akuda aja amene abwereza kambirimbiri pa nthawi yake.

Nchifukwa chake ndimatopa ndi anthu a pa Facebook amene akangomva zoterezi amathamangira kunena kuti mwaona, nyengo imasintha yokha, ndi dzuwa basi, za utsi wa mafakitale nzabodza. Amene anatiuza kuti nyengo inkasintha yokha ndi asayansi omwewo, ndipo anatiuzanso liwiro lake. Kusintha kobwera ndi kupukusa kwa dziko kumatenga zaka 21,000, sikungafotokoze zimene zachitika pa zaka 150. Kuonjezera apo, mmene dziko lakhalira panopa chilimwe cha kumpoto chakhala chikufooka pang'onopang'ono kwa zaka masauzande, kutanthauza kuti tikanayenera kumazizira pang'ono, osati kutentha. Dzuwa nalo chiyambire kuliyeza ndi masetilaiti silinawonjezere mphamvu. Chimene chakwera ndi kaboni dayokisaidi, kuchoka pa 280 uja kufika kupitirira 420.

Mchere nawo ukuyezedwa, pano osadikira tizigoba. M'nyanja muli timakina pafupifupi 4,000 ta pulogalamu ya Argo, timamira mpaka mamita 2,000 nkubwerera pamwamba masiku 10 aliwonse kutumiza manambala a kutentha ndi mchere kudzera pa setilaiti. Akaphatikiza ndi miyeso ya sitima kuyambira m'ma 1950 zikuoneka kuti malo amene anali amchere kale, monga pakati pa Atlantic, akuwonjezera mchere, pomwe amvula monga kumadzulo kwa Pacific akusukulukirabe, chifukwa mpweya wofunda umanyamula nthunzi yambiri, pafupifupi maperesenti 7 pa digiri iliyonse imene kutentha kwakwera. Ku Greenland ayezi akusungunukira pafupi ndi pomwe madzi aja amamira, ndipo kuyambira 2004 pali zingwe za makina zoimikidwa kudutsa Atlantic yonse, kuchokera cha ku Bahamas mpaka kufupi ndi gombe la Africa, zongoyang'anira ngati kayendedwe ka madzi kameneko kakufooka.